Buku Limene Bambo Ankasuta

Chingerezi changa chinayambira pa S. Zilembo za kumbuyoko, kuchoka pa A kukafika pa R, bambo anali atazisuta kale.

Sindikuseka ayi. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8 tinkakhala pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, kuno ku Mchinji, kumene bambo anali tenanti. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, ndipo chimenecho chinali chaka chathu chachitatu chikwerereni lole yotibweretsa kuno. Tsiku lina kapitawo anawatuma bambo kukatentha zinyalala za mu ofesi ya kalaliki wina amene anali atasiya ntchito, ndipo m'zinyalalamo munali buku lonenepa, lopanda chikuto. Bambo kuwerenga sankatha, koma pepala ankalidziwa. Anatsina tsamba limodzi n'kumva kuti ndi lopyapyala, lofewa, labwino kupichirira fodya wawo wa chingambwe. Analibisa m'malaya, n'kukalisomeka kudenga atalikulunga m'pulasitiki ya m'thumba la feteleza. Kuyambira pamenepo tsamba lililonse ankaling'amba panayi: ndudu ziwiri lero, ziwiri mawa, osawerengera masamba amene anzawo osuta ankadzapempha.

Ine ndinazidziwa mochedwa, mu Januwale, ndikusesa pakhomo. Ndinatola kachidutswa ka pepala kopserera m'mbali, kolembedwa mawu atatu m'mzere wotsika: sack, sad, safe. Ku sukulu kwathu buku lotere linalipo limodzi lokha, ndipo linkakhala m'kabati ya ahedi, ife n'kumangoliona msana. Ndinathamanga mpaka ku munda tsache lili m'manja.

"Ababa, mukusuta dikishonale!"

"Ndikusuta fodya ine," anatero bambo osaweramuka n'komwe. "Dikishonaleyo ndiye ndani?"

Ndinali mwana wa mtima wapachala, ndipo mpaka lero sindinachire kwenikweni. Ndinalira, ndinaponda pansi, chakudya cha masana ndinachikana. Koma kulirako sikunali kwa buku lokha. Bambo anali atanena kale kuti chaka chimenecho n'chomaliza, fodya akangogulitsidwa tikwera lole ya mu Ogasiti n'kubwerera kwathu. Mayeso anga a Sitandade 8 ankabwera mwezi wotsatira, ndipo dzina langa linalembedwa pa sukulu ya kuno, osati ya ku Phalombe. Kukwera loleyo kunali kutaya zaka zisanu ndi zitatu m'madzi. Ndikayamba nkhaniyi bambo ankangoyankha kuti, "Tidzaona," ndipo aliyense amene anakulira m'nyumba mwathu amadziwa kuti "tidzaona" wa bambo ndi "ayi" wovala jekete.

Amayi ndiwo anaweruza mlandu wa buku. Bambo anakana kundipatsa lonse, ati ndikapita nalo ku sukulu alanda aphunzitsi, iwo n'kutsala opanda pepala. Ndiye amayi anati, "Inu, tsambalo muzimupatsa mwanayu m'mawa, akhale nalo tsiku lonse. Madzulo akuuzeni zimene zalembedwamo, kenako muzisuta." Bambo anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera lamulo lawo: ndikalephera kunena mawu a patsambapo, sasuta mpaka nditawagwira. Sindikudziwa ngati ankazindikira kuti akudzimangira okha chingwe.

Motero ndinayamba kukhala ndi tsamba limodzi masiku awiri aliwonse. Inali nyengo yothyola fodya, ku sukulu ndinkapita mwa apo ndi apo. Masana ambiri ndinkakhala m'chigafa, kusoka masamba a fodya ndi singano yaitali ija n'kumawapatsira bambo kuti akoleke pa mikangala. Pepala langa ndinkalipinda n'kulilowetsa m'chiuno mwa chitenje. Ndikasoka pang'ono, ndinkalitulutsa ndi zala ziwiri, poti manja anali akuda bii ndi utomoni wa fodya, n'kuba mawu amodzi, n'kulibweza. M'chigafa mumakhala kuwala kwachikasu, fungo la fodya wofota limazunguza mutu pang'ono, ndipo mawu aja ankandizungulira m'mutu pamodzi ndi ntchentche.

Chimene chinkandidabwitsa ndi m'mene mawuwo ankakhalira pamodzi. Onse ankayamba ndi zilembo zofanana, koma pachibale panalibe. Tsamba lina linali ndi shade, mthunzi, shadow, chithunzithunzi, kenako shake, kugwedeza, shame, manyazi, share, kugawana. Mthunzi ndi manyazi anakumana kuti? Ndinkawaona ngati ife a mu mzere wa nyumba za matenanti. Khomo lathu linali la Alomwe, lotsatira la anthu a ku Dedza, linalo la Asena a ku Chikwawa, tonse denga lofanana, chitseko chofanana, koma aliyense ndi kwawo ndi maloto ake. Ndiye ndinkawapatsa nyumba mawuwo. Ndinkaona shame atakhala pakhonde wogwira tsaya, share akudutsa ndi kambale ka mchere, shadow akutsatira aliyense pambuyo osalankhula. Ndikawaika m'nyumba choncho sankandithawanso.

Vuto linali lakuti bukulo linkamasulira Chingerezi m'Chingerezi chomwecho. Ndikapeza mawu achilendo m'tanthauzo, ndinkafuna kukawafufuza, koma kwawo kwa mawuwo kunali kutapita kale ndi utsi. Ena anali kutsogolo, kudenga kuja, kumene sindinkaloledwa kufika. Ndikukumbuka sleet. Bukulo linati ndi mvula yosakanikirana ndi snow. Nanga snow n'chiyani? Ndinadikira pafupifupi masabata awiri, bambo akusuta pang'onopang'ono kudutsa slim, slip, slow, smell, smile, smoke, mpaka tinafika. Ndinapeza kuti ndi mvula youma ndi kuzizira, yoyera, yogwa mopanda phokoso. Tsiku limenelo ndinasoka fodya ngati wogona. Ndinkaona minda yonse ya esiteti itayera mbuu, zigafa zitavala zipewa zoyera, phiri la Mchinji litasanduka mulu wa ufa woyera, anthu a njinga akudutsa pamsewu wa ku Kapiri matayala osamveka. Amayi anachita kundimenya ndi tsamba la fodya paphewa kuti ndidzuke.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, bambo ankakhala pa chitsa cha kuseri kwa nyumba n'kutambasula dzanja. Ndinkawapatsa tsambalo, iwo n'kuligwira motalikira ngati mphunzitsi, nthawi zina chadodolido, ine n'kuima patsogolo pawo manja kumbuyo. Ndinkatchula mawu, n'kunena tanthauzo lake m'Chichewa. Kulondola kapena kulakwa bambo sakanadziwa, koma khutu anali nalo. Ndikangodoloma pang'ono ankati, "Apo wabwebweta. Bwereza."

Sipanatenge nthawi, anayamba kuwakonda mawuwo kuposa m'mene ankafunira kuonetsera. Pa tsamba la sn- anaseka mpaka kutsokomola atamva kuti snail ndi nkhono, snake ndi njoka, ndipo zagona moyandikana. "Nkhonoyo ndi yolimba mtima," anatero. Snore atamva kuti ndi mkonono anaitana amayi: "Bwerani mudzamve, akulembani m'buku muno." Pa star, stare, start, starve kuseka kunawathera. Nyenyezi, kuyang'anitsitsa, kuyamba, kufa ndi njala. Anandiuza kuti ndibwereze, ngakhale sindinadodome paliponse, ndipo ndudu ya tsiku limenelo anaisuta akuyang'ana kumwamba.

Ndivomere pano kuti ndinkawabera. Tsamba likandikomera, ndinkalakwitsa dala kuti ligone nane tsiku lina. La sky, thambo, ndinalisunga masiku anayi, chifukwa pakona pake panali kachithunzi ka munthu akutsetsereka paphiri atapondera timatabwa tiwiri. Bambo, poti lamulo anaika okha, ankangoyendayenda pakhomo ndi chibaba, kukalipira nkhuku, kukalipira mpini wa khasu. Tsiku lachinayi amayi anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza: "Iwe, lero ukhoze. Tatopa nawo bambo akowa."

Ndili wamkulu tsopano, ndipo foni yanga imandiuza tanthauzo la mawu alionse ndisanaphethire. Koma imandipatsa mawuwo okhaokha, opanda oyandikana nawo, ngati munthu wokumana naye pa depoti. Sindikhalitsa nawo. Amene ndinawadziwira m'chigafa ndimawadziwa ndi anzawo omwe. Wina akangoti swan, ndimaona bakha woyera wa khosi lalitali uja, ndipo pambuyo pake pakubwera swarm, njuchi zosamuka, kenako sway, kupendama uku ndi uku ngati mapesi pamphepo. Kutsika pang'ono pali sweat, thukuta, ndi sweet, kutsekemera, ndipo pakati pawo pali sweep, kusesa. Bambo atamva zimenezi anapukusa mutu: "Amene analemba bukuli sanalimepo fodya. Pakati pa thukuta ndi kutsekemera pali mtunda, osati tsache lokha."

Nkhani inaululika mu Juni, tikusankha fodya ndi kudinda mabelo, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Aphunzitsi athu a Chingerezi, bambo wamtali wa njinga yakuda, anatiuza kuti tilembe chimangirizo chofotokoza njira yathu ya ku sukulu. Ine ndinathiramo chuma changa chonse. Msewu wanga unali ndi slope, udzu unkachita sway, m'dambo munali swamp, ndipo dzuwa linkachita shine pa stream. Aphunzitsi anawerenga mokweza m'kalasi, n'kuchotsa magalasi.

"Mtsikana iwe, Chingerezi chako n'chokoma, koma bwanji chikungolira sii, sii, ngati njoka? Zilembo zinazi unayambana nazo?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandigwira, ndipo ndinayankha mwamwano kuti zinazo bambo anasuta. Anzanga anasekanso kwambiri. Aphunzitsi okha sanaseke.

Loweruka lotsatira njinga yakuda ija inaima pakhomo pathu. Amayi anayala mphasa, bambo anabwera kuchokera ku chigafa akupukuta manja pa buluku. Atalonjerana, aphunzitsi anapempha kuona bukulo. Bambo analitsitsa kudenga monyadira, ngati munthu woonetsa mlendo mbuzi yake. Linali litaonda, litatsala ngati chala kunenepa kwake. Aphunzitsi analitembenuza, analitsegula, kenako anagwira kumutu.

"Bambo, buku ili ndi nkhokwe. Mawu onse a Chingerezi amene mwana angawafune amakhala muno. Sukulu yathu yonse ili nalo limodzi."

Bambo anayang'ana bukulo, anayang'ana zala zawo zachikasu zija, n'kufunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti amene ndinasutawo anali ochuluka kuposa otsalawa?"

"Kutalitali."

Sindinawaonepo bambo atachepa choncho. Ndinali nditalakalaka kwa miyezi kuti wina awauze zoona, koma zitachitika ndinafuna kuti aphunzitsiwo akwere njinga yawo azipita. Iwo anapitiriza. Anati mwanayu ali ndi mutu, akhoza kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo kumukweza lole mwezi umodzi mayeso asanafike ndi tchimo. Anati ngati banja likupita, andisiye kwa iwo ndi akazi awo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

"Zikomo, aphunzitsi, mwalankhula ngati munthu," anatero bambo. "Koma mwana wamkazi wamsinkhu uwu sindingamusiye m'manja mwa eni, ine n'kukagona tulo ku Phalombe. Ndinabwera naye, ndibwerera naye. Ndipo nyumba ino si yanga. Tenanti akapanda kulembetsa chaka china, tsiku la lole ndi tsiku lotuluka."

Aphunzitsi anachoka atagwa mphwayi. Koma m'mawa mwake, tikuchokera ku tchalitchi, ndinaona bambo akulowa khomo ndi khomo mu mzere wathu wonse, chipewa chili m'manja. Ankapempha masamba amene anagawira anzawo. Kwa osuta, kubweza dzanja pa pepala limene unapereka kale ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo ena anawaseka poyera. "Achimwene, mwayamba kulondola utsi?" Bambo ankangopitirira ku khomo lotsatira. Anabwera ndi kamulu kochepa. Masamba ambiri anali zidutswa, mawu opanda tanthauzo, tanthauzo lopanda mawu. Mayi wina wa ku Dedza anali atakulungira njere za maungu m'tsamba lathunthu, ndipo anakhuthulira njerezo m'chikho n'kuwapatsa. Linali la moon, mwezi, ndi mop, ndi more. Lina linali lomatidwa pa ming'alu ya chitseko. Bambo anaziwongola zonse pabondo, anaziika m'kati mwa buku lija, n'kundipatsa lonse.

"Tenga. Ine ndizipichira m'makoko a chimanga."

Anapichiradi m'makoko, akudandaula tsiku ndi tsiku kuti amawawa kukhosi. Ine ndinali ndi T, U, V, W ndi zonse zotsala, nthawi imodzi, popanda wondiwerengera masiku. Chodabwitsa n'chakuti sindinakondwe monga ndinkayembekezera. Za ulendo bambo sanasinthe mawu. Buku anandipatsa, koma mayeso ayi. Ndinkatsegula pa tr-, n'kuona train, tramp, trap, travel, tray, koma nyumba zowaikamo sizinkabweranso m'mutu. Fodya anapita ku okushoni, zigafa zinatsala mbee, mphepo ya Ogasiti inayamba kunyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Amayi anayamba kumanga katundu akuimba nyimbo za kwathu. Masiku atatu omaliza sindinalankhule ndi bambo ngakhale liwu limodzi. Ndikawapatsa madzi osamba m'manja ndinkayang'ana kumbali.

Lole inabwera m'mawa, dzuwa litangotuluka lofiira m'fumbi. Mabanja asanu ndi limodzi ankapita. Tinakweza mitolo ya zovala, miphika, mphasa, matumba awiri a chimanga ndi nkhuku zomanga miyendo. Amayi anakwera, anandikoka dzanja, ndipo ndinakhala pa thumba la chimanga nditafumbata buku langa, maso ali pa mapazi. Kapitawo anaima pambali ndi pepala lake, akufuula komaliza ngati panali wina wofuna kulembetsa chaka china, poti nazale zinali pafupi kuyamba. Palibe amene analembetsa. Anthu mitima inali itafika kale kwawo.

Bambo anali omaliza kukwera. Anaponda pa tayala, anagwira chitsulo cha m'mbali, mutu wawo n'kutulukira pafupi ndi bondo langa. Anaima pomwepo, mwendo wina uli m'malere.

"Mayi," anandiitana choncho, monga ankachitira ndili wamng'ono, "mayeso akowo amalemba masiku angati?"

Ndinafuna kusayankha, koma pakamwa panatseguka pokha. "Atatu."

"Atatu basi?"

"Eya."

Dalaivala analiza hutala. Wina kumbuyo anakuwa kuti akuluwo akwere, dzuwa likupita. Bambo anayang'ana msewu wa kum'mawa, kumene loleyo inaloza, nthawi yaitali ndithu. Kenako anatsitsa mwendo uja pansi.

"Tsitsani katundu," anatero kwa amayi. Anatembenukira kwa kapitawo: "Lembani dzina langa."

Chifukwa cha masiku atatu anga, anagula chaka chathunthu: nazale, kuthirira ndi makheni m'bandakucha, kuwokera m'matope, kuthyola, kusoka, kudinda, mpaka Ogasiti wina. Mayesowo ndinakhoza, ndipo ku sekondale ndinapita, koma ndikamakumbuka nyengo imeneyo si zimenezo zimabwera patsogolo.

Chimabwera ndi ichi. Ine ndinalumpha m'lolemo ngati mwana wa mbuzi, mtima ukuvina, osaganizira munthu wina aliyense. Nditacheuka ndinaona amayi akadali m'mwamba muja. Sanatsutse, sanafunse. Anatsitsa miphika umodziumodzi, anatsitsa nkhuku. Kenako anamasula mtolo wa zovala, n'kutulutsamo chitenje chatsopano, chosachapa, chimene sindinkadziwa n'komwe kuti anali nacho. Anachipereka kwa mayi wina wa kufupi ndi kwathu amene ankapitirira ndi ulendo.

"Mukawapatse amayi anga," anatero. "Mukawauze kuti tili bwino, tibwera chaka chamawa."

Anatsika, anasenza thumba la chimanga pamutu, n'kulunjika ku nyumba ija imene anali atasesa m'mawa womwewo motsanzika. Ndinawatsatira pambuyo nditanyamula buku lokha, ndipo njira yonse sanacheuke kuti ndione nkhope yawo.